Dimba la Alamu Anga Limamwa Madzi Anga

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha musanandiulule: ine ndili ndi nsanje. Osati kansanje kobisa m'chitenje ayi. Nsanje yeniyeni, ija yoti ukamadutsa pakhomo pa mnzako moni umatuluka wopyapyala ngati ulusi.

Mukuganiza kuti ndi nkhani ya mwamuna? Ayi ndithu, a Zakariya anga palibe akuwalimbirana. Ine ndikuchitira nsanje kove.

Kove, ndiwo zamasamba zija zonga repu, wa alamu anga, a Felisita.

A Felisita ndi mkazi wa malemu achimwene anga. Amakhala kumtunda kwa ine, makomo asanu ndi limodzi kuchokera panga, kuno ku Domwe. Chimwalirire achimwene, chomwe chimawadyetsa iwo ndi adzukulu awo awiri ndi kadimba ka kuseri kwa nyumba. Amathyola ndiwo, amakagulitsa pamsika, zotsala amadya. Izi ndikuzidziwa bwino, ndipo ndazinena poyambirira kuti mukamandiweruza mundiweruze muli ndi zonse m'manja.

Tsono taonani mwezi uno wa khumi. Dziko lonse lafiira, mbuzi zikudya makatoni, fumbi likulowa mpaka m'mano. Koma kuseri kwa a Felisita kuli biliwiri! Kove wa masamba otambalala, anyezi, matimati ongoyamba kumanga, ndi mizere iwiri ya mbatatesi zochita maluwa mopanda manyazi. Chitsime alibe. Mpopi alibe. Kudambo sali. Ndipo sindinawaonepo atasenza ndowa yothirira.

Ine mpopi ndili nawo, pabwalo penipeni, poti alendo aziuona. Ukautsegula umatsokomola, umapuma, umatsokomolanso, kenako n'kulavula timadontho tamatope. Basi, watha ntchito ya tsikulo.

Lolemba m'mawa ndinkachokera kumjigo wa kushikola kumene ana amaphunzira, chigubu pamutu, thukuta lili kamukamu. Njira yake imadutsa pakhomo pa alamu angawo. Ndinati ndingowaponyera moni ndizipita, koma anandiona.

"Alamu, taimani pang'ono," anatero akutuluka m'dimba. "Tengani tindiwo iti, mukaphikire abambo kunyumba."

Ndinalandira. Ndinathokoza. Anali kove uja, ndinakaphika wotendera. Anakoma, abale, anakoma zoopsa, ndipo kukomako ndi kumene kunandipsetsa mtima. Ndinkatafuna uku mumtima ndikuti: awa ndi madzi anga awa, ndikudya madzi anga omwe, ndipo ndachita kuthokoza.

Chinsinsi cha dimba limeneli si chinsinsi konse, bairo yonse, mudzi wathu uno, imachidziwa. Paipi yochokera ku tanki ya paphiri imatsetsereka kudutsa kuseri kwa nyumba zathu zonse. Pa a Felisita inabooka kalekale. Wina anamangapo legeni, ija mphira yodula ku chubu cha njinga. Legeniyo itatha mphamvu, madzi anayamba kutuluka pang'onopang'ono osalekeza. Alamu anga, munthu wa nzeru zake, anangotenga khasu n'kukumba kangalande kochokera pabowopo kuzungulira timizere ta ndiwo. Sanabe ayi. Madziwo anabwera okha, iwo anangowaonetsa njira.

Ndinawauza a Zakariya kuti ndikanena za bowolo kwa akuluakulu.

"Amayi, zisiyeni zimenezo," anatero akunyambita chala cha nsinjiro za kove yemweyo. "Akangoyamba kufukula paipi imeneyi sathera pamodzi."

Sindinamvere. Lachiwiri ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi n'kupita kwa sekeretaliyo, mkulu wa bairo, bambo wachete amene amamvetsera milandu akusenda nzimbe.

"Ndabwera ndi nkhani ya madzi amene akutayika," ndinatero.

"Akutayikira pati, a pulofesora?" Paja ndinaphunzitsa ana zaka zambiri, ndiye dzinalo linandikanirira.

"Pa a Felisita."

Anasiya nzimbe. "Alamu anu aja?"

"Paipi ilibe mlamu, bambo. Ine ndabwera ngati nzika."

Nzika! Ndinachita kulitchula mokweza liwu limeneli, kuti ndi odutsa panjira omwe amve. Zaka zonsezi unzika wangawo unali kuti? Unali mtulo, mpaka kove wa mwini atatambalala masamba. Sekeretaliyo anangoti, "Chabwino. Nditumiza mawu kwa a mesitiri okonza mapaipi."

Podikira a mesitiriwo, ndiloleni ndikufunseni, owerenga anga: madzi a m'mipopi yathu anapita kuti?

Ine ndikukumbuka. Titabwerako ku Malawi nkhondo itatha, ndili mtsikana, tinapeza mabwinja ndi zitsime zokwiririka. Tinamwa za m'madambo zaka zambiri. Ndiye atatiuza kuti kukubwera paipi, ngalande yake tinakumba tokha, khomo lililonse chigawo chake. Anati ifike m'chiuno. Ena anafikitsadi m'chiuno. Ena atakumana ndi mwala anati m'bondo mwakwana. Amalume anga ena, Mulungu awakhululukire, anangopalasa pamwamba ngati nkhuku n'kupita kumowa.

Madzi atafika, mayo ine! Ankatuluka ndi mphamvu yochita kukugwetsera ndowa m'manja. Tinavina tsiku limenelo, nthungululu zinamveka mpaka kumalire.

Palibe tsiku limene madziwo anasiya, ndipo ndi chimene chimandizunguza mutu. Akanasiya tsiku limodzi, tikanathamanga tonse ndi makasu kukafufuza. Koma anangoyamba kuonda. Chaka china ndowa inkadzaza uli chiimire. Chaka china unkayamba wasesa pabwalo. Kenako inkadzaza utatsuka mbale, wasambitsa mwana, wakangananso ndi mwamuna. Kenako tinayamba kunena kuti madzi amabwera m'mawa mokha, ngati kuti ndi mmene Mulungu anawalengera. Ana obadwa pakati apa amadziwa kuti mpopi ndi chinthu chotsokomola.

Tinaloza zala ponseponse. Mvula yachepa. Anthu achuluka. Injini yakalamba. Akuluakulu sakutiganizira. Zina mwa izi n'zoona, sindikukana. Koma za khasu palibe amatchula.

Ife anthu a kuno sitilola nthaka igone. Chaka ndi chaka mzere wakale timauswa pakati n'kuunda watsopano pambali pake. Mvula ikagwa, dothi limatsika phiri. Paipi yomwe inali m'bondo imakwera yokha osasuntha. Tsiku lina ukuunda mzere wa mbatatesi, khasu n'kulira kho! Madzi n'kukuthira kumaso.

Ndiye umatani? Nenani zoona, umatani? Umayang'ana uku ndi uku. Umathamangira kunyumba kukadula legeni, paja kuno malegeni sasowa, ndi njinga zonse zija zonyamula matumba kupita kumalire. Umamanga zolimba, umakwirira, umapondaponda, n'kuwazapo zinyalala. Kukanena? Ukanene kuti akakukalipire pamsonkhano, atsekenso madzi a mzere wonse, anthu azikuloza ndi milomo pamsika? Legeniyo imagwira chaka chimodzi, mwina ziwiri. Ikatopa nthaka imayamba kumwa, iwe utaiwala kalekale.

Musaganize kuti ndi matenda a ku Domwe okha. Pa wailesi timamva a zamadzi akudandaula zomwezi za mizinda yathu ikuluikulu, kuyambira ku Tete mpaka kumwera konse. Madzi amapopedwa, amathiridwa mankhwala, amalowa m'paipi, koma ofika pampopi wa munthu ndi ochepa kuposa amene ananyamuka. Nambala yake ndilibe, ndipo sindipeka. Chomwe ndikudziwa n'chakuti paipi imakalamba chaka chilichonse popanda woiyendera. Tanki yatsopano timaivinira, akuluakulu amabwera ndi magalimoto, ana a shikola amaimba mpaka mawu kutha. Koma munaonapo anthu atatchena chifukwa choti bowo latsekedwa? Wotseka mabowo amabwera yekha pa njinga, ndipo kawirikawiri amalandiridwa ndi nkhope zokwinya.

Chifukwa chake ndachiphunzira sabata ino. Madzi amene timati atayika amakhala atapeza mwini. Bowo lililonse lili ndi wina amene amalikonda. Apa pali woumba njerwa, apo wotsuka njinga zamoto, uko abakha a wina anenepa, kuno kove. Ukati utseke bowo, ukuchotsa chakudya m'kamwa mwa munthu amene ukumuona ndi maso, pamene waludzu ali kumunsi, kuseri kwa nyumba zina, ndipo sakulankhula.

Lachinayi m'mawa a mesitiri Domingu anafika. Ndi bambo wamfupi, wa imvi, wokonza mapaipi a dera lathu lonse. Makina omvera madzi pansi pa nthaka alibe. Ali ndi khasu, thumba la zitsulo, ndi maso.

"Mwezi uno ntchito yanga siivuta," anatero akumasula thumba pa njinga. "Ndimangotsata paipi n'kumayang'ana pobiriwira. Mvula ikagwa ndiye ndimasokonezeka, paliponse pamabiriwira."

Anayambira pa a Felisita. Anthu anasonkhana kudzaonerera. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi nkhokwe, ngati wongodutsa. A mesitiri anakumba, paipi inaoneka, legeni yake itachita kuyoyoka.

A Felisita sanakuwe, sanatukwane. Anaima manja ali kumbuyo.

"A mesitiri," anatero motsitsa mawu, "simungandisiyireko sabata ziwiri zokha? Matimatiwa angoyamba kumanga."

"Mayi, ndikasiya panu ndiye kuti ndisiye ponse," anayankha osawayang'ana. "Pepani."

Anadula pobookapo, analumikiza ndi chidutswa chatsopano, anamanga, anakwirira. Kangalande kaja kanayenderera pang'ono, kenako kanaima.

Mukufuna ndiname kuti ndinamva chisoni? Ndinakondwa. Mtima unachita kuti myaa. Ndikulemba izi manyazi akundigwira, koma ndi mmene zinalili.

Ndinathamangira kunyumba kukatsegula mpopi. Unatsokomola, unapuma, n'kutulutsa kamadzi kosakwana kutsukira supuni. Ndinabwerera mtima uli m'mwamba.

"A mesitiri, kwanga sikunasinthe!"

Anaseka. "A pulofesora, mumayesa bowo ndi limodzi?"

Anapitiriza kutsika, gulu lili pambuyo. Pakhomo lotsatira anafukula pansi pa nthochi: legeni. Lotsatiranso, pakaudzu kamene mbuzi zimalimbirana: malegeni awiri, ina pamwamba pa inzake. Onsewo ankawaponya m'thumba. Eni makomo ankangoyang'ana kumwamba, aliyense ati anapeza zili chomwecho. Anthu ankaseka, ndipo ine ndinkaseka mokweza kuposa onse.

Mpaka tinafika panga.

Kuseri kwa nyumba yanga yophikira kuli mtengo wa mapichesi. Aliyense amaudziwa. Umachita maluwa mitengo ya anzanga ikadali ndodo zokhazokha, zipatso zake zimadzaza dzanja, ndipo amayi akandifunsa chinsinsi ndimawafotokozera za phulusa ndi manyowa a nkhuku, ndi mawu aja a kushikola. Ndimaunyadira mtengo umenewu, musandifunse.

A mesitiri anaima. Anayang'ana mtengo, anayang'ana kaudzu kobiriwira kozungulira tsinde, kenako anayang'ana ine.

"Apo ndimatayirapo madzi otsukira mbale," ndinafulumira kunena.

"Madzi ake ati, a pulofesora? Suja mpopi wanu ndi wouma?"

Anthu anafa nako kuseka. Khasu linalowa kamodzi, kawiri, kachitatu linatuluka ndi matope. Paipi inaoneka, mizu itaikulunga mbali zonse. Pakati pake panali legeni yofiira.

Ndinaizindikira pomwepo. M'bairo monse, chubu chofiira chinali cha njinga ya a Zakariya okha. Zonse zinabwerera m'mutu: chaka chomwe ndinkakumba dzenje lodzalamo kamtengoko, khasu kulira kho, madzi kumaso, ine kuyang'ana uku ndi uku. Ndinamanga ndi manja angawa. Ndinali nditaiwala, ndikulumbira, ngakhale kuiwala kwina munthu amachita kukufuna.

"Ohoo!" anafuula a Zakariya, amene anali atasuzumira m'dzenjemo. "Ndiye chubu changa chija chinathera kuno? Ine chaka chathunthu kunamizira makoswe!"

Gulu linasekanso, koma mmodzi sanaseke. Kumunsi kwa ine kumakhala a Rozita, mayi wachitsikana wa mwana wakhanda. Mpopi wawo unauma kale kuposa wanga, moti amangoyanikapo matewera. Anali m'gulumo, mwana kumsana.

"A pulofesora," anatero osakweza mawu, "ine ndimadutsa pano tsiku lililonse ndi chigubu pamutu. Ndimawayang'ana mapichesi anuwa."

Ndinakumbukira moni wawo wa m'mawa uliwonse, wopyapyala uja, umene ine ndinkauyesa ulemu.

"Titseke?" anafunsa a mesitiri. Kumtunda konse kuja sanafunse munthu. Ine anandifunsa dala.

Mapichesi anali atangoyamba kufiira tsaya limodzi. Sabata ziwiri zokha. Mawu amenewa anakwera mpaka pa lilime, ndinawamva akugunda mano. Nditatembenuka ndinaona a Felisita. Anali atatsika nalo gulu, manja adakali kumbuyo.

"Pemphani, alamu," anatero. "Mwina inu akumverani. Ndinu ophunzira."

Ndinalakalaka dzenje la a mesitiri likanakhala lalikulu kuti ndilowemo.

"Tsekani," ndinatero.

Kuti afikire paipi anachita kudula mizu iwiri ikuluikulu, ndipo chikwanje chake ndinapereka ndine.

Loweruka mpopi wanga unatulutsa madzi. Osati amphamvu aja a kale ayi. A mesitiri akuti mabowo ena ali pansi pa nyumba zomwe anthu anamanga pamwamba pa paipi, ena ali pamiyala pomwe udzu sumera, ndipo amenewo sawapeza chaka chino. Koma chigubu chinadzaza ndisanamalize kusesa. Kwa a Rozita matewera achoka pampopi, pansi pake pali ndowa.

Ndinadzaza zigubu ziwiri n'kukwera nazo mtunda, china pamutu, china m'manja. Ndinapeza kove atafota, masamba aja atagona pansi. A Felisita anali chikhalire pakhonde, adzukulu akusewera pambali.

"Ndabweretsa timadzi, alamu."

"Thirani kumatimati. Kove wapita kale."

Ndinathira. Nthaka inamwa zigubu ziwirizo ngati sindinathire kanthu. Ndili chiweramire pamenepo ndinati, "Alamu, za legeni ija, Mulungu ndi mboni, ndinali nditaiwala."

"Ine sindinaiwale," anayankha. "Mpeni wodulira chubu chija munabwereka kwa ine."

Zaka zonsezo ankadziwa. Ankalandira mapichesi anga ndi manja awiri, ankamvetsera za phulusa ndi manyowa a nkhuku akugwedeza mutu, ndipo sanavalepo nsapato za kutchalitchi kupita kwa sekeretaliyo.

Ndiye nsanje yanga yatha? Ayi, yangosamuka. Ndinkasirira kove wawo, tsopano ndikusirira mtima wawo, ndipo umenewu ndilibe kokaunenera kuti abwere autseke. Zimandiwawa kuti iwo akhale munthu wabwino m'nkhani imene ine ndinaiyamba.

Koma ndisanawaike kumwamba alamu angawo, ndinene ichi. Kukhala chete kwawo, ndi kwanga, ndi kwa bairo yonse, ndi kumene kunkasenzetsa a Rozita chigubu ali ndi pakati. Tinkabisirana mabowo pofuna kusunga ubale, mzere wonse n'kumauma, ndipo chomwe chinaitana a mesitiri pamapeto pake ndi mtima wanga woipawu. Zimenezi zikundinyansa zedi. Kodi tidikire kuti bowo lililonse m'dziko muno lipeze wansanje wake ndiye litsekedwe?

Mawa ndikweranso mtunda ndi zigubu ziwiri, mkuja chimodzimodzi, mpaka matimati apse kapena mvula igwe. Mtengo wanga wayamba kugwetsa timapichesi tosapsa. Khosi likundipweteka kale, ndipo ndiwo zopatsidwa panjira zija sindikuziyembekezeranso.

Inu musanayambe kundiseka, tazungulirani kuseri kwa nyumba yanu dzuwa likadali pamutu. Chabiriwira n'chiyani mwezi uno? Nanga wa kumunsi kwanu amakupatsani moni wotani?